Ndikadafera ku Zanzibar chifukwa cha "saa sita"

Pakadapanda mayi wina wolima ndere za m'nyanja, bwenzi pano abale anga ku Nkhotakota akubwezabe ngongole ya galimoto yokatenga mtembo wanga ku Dar es Salaam. Sindikuseka ayi, a Malawi anzanga. Ine mwana wa kunyanja, amene ndidadziwa kusambira ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndidatsala pang'onong'ono kumira dzuwa likuswa mtengo, pamalo poti m'mawa wa tsiku lomwelo ndidayendapo madzi akulekeza m'akakolo.

Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa chifukwa cha manyazi. Koma poona kuti anyamata ndi atsikana ambiri amene amapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu kapena kukatenga galimoto padoko ayamba kumaolokera ku Zanzibar kukajambulitsa zoika pa Facebook, ndati bola ndiulule, mwina wina n'kupulumukirapo.

Udali mwezi wa Ogasiti 2024. Msuweni wanga amene amachita geni ya nsapato ndi zitenje mu Lilongwe adandipempha kuti ndimuperekeze kukaoda katundu ku msika wa Kariakoo. Ntchito yanga idali yolondera zikwama iye akamanenerera mitengo m'masitolo. Ife olemba nkhani oyima patokha ulendo waulere sitikana, mwina n'kutolako kankhani kogulitsa. Tidadutsa Mzuzu ndi Karonga, n'kudinditsa mapasipoti pa Songwe popanda vuto, paja Mmalawi safunika viza polowa m'dziko la Tanzania. Kenaka Iringa, nkhalango ya Mikumi, Morogoro, mpaka tidafika mu Dar es Salaam miyendo itachita dzanzi.

Titamaliza kuoda padatsala masiku asanu kuti katundu apakiridwe. Msuweni adati iye watopa, agona. Ine ndidati ayi, ndafika kale pakhomo, ndikachione chilumba chimene tinkangochimva m'kalasi.

"Asuweni, kumeneko n'kwa eni," adandichenjeza. "Chiswahili chanucho n'cha pa depoti, chogulira tchipisi. Mukafika muzikafunsa."

Ndidamuseka. Mumtima ndinkati machenjezo onse amene amalembedwa onena za malo ngati amenewa ndi a azungu, aja oyenda ndi makamera pamimba ndi zipewa zazikulu. Ine khungu langa n'chimodzimodzi ndi la eni dziko, angandizindikire ndani? Kuwerenga m'Chiswahili ndimatha, kuyambira moja mpaka kumi. Za madzi ndiye musachite kunena. Komatu zinthu zomwe ndinkadalirazo ndi zimene zidandigwetsa m'mavuto, chimodzichimodzi.

Nkhupakupa za padoko

Woyamba kundiphunzitsa adali mnyamata wa padoko la Dar es Salaam. Ukangotsika galimoto pamenepo amakuunjirira anyamata okhala ngati madobadoba athu a m'maofesi aja. Eni ake amawatcha mapapasi, kutanthauza nkhupakupa, ndipo dzinali lidawakhala zedi. Wina akulanda chikwama ati akunyamulire, wina akukukoka mkono ati ofesi ya matikiti ili uku. Mmodzi wovala bwino, chitupa chikulendewera m'khosi, adandiitanira pambali. Adandimva Chiswahili changa n'kudziwiratu kuti uyu ndi wobwera.

Nthawi imeneyo mlendo ankalipira madola 35 kuti aoloke pa sitima yothamanga, pafupifupi mashilingi 95,000, pamene nzika ya Tanzania inkalipira zochepa kwambiri. Mnyamatayo adandinong'oneza mosakaniza Chizungu ndi Chiswahili: "Kaka, iwe si mzungu. Ulipirirenji madola? Ndipatse 40,000 ndikakugulire tikiti ya nzika. Pachipata ukangokhala chete."

Kaka ndiye kuti achimwene. Atanditchula choncho mtima udakhala pansi, ndidaona ngati ndapeza m'bale. Ndidapereka ndalama, iye n'kubwera ndi kapepala. Nditafika pachipata, mayi woona matikiti adandipempha chitupa. Nditatulutsa pasipoti ya Malawi adayang'ana kapepalako, n'kundiyang'ana ine, n'kupukusa mutu. Dzina lidali la munthu wina, tsiku lidali ladzulo. Pobwerera kuti ndikamufunse m'bale wanga uja, ndidapeza malo ali zii. Ndidakaima pamzere pa windo lenileni la kampani n'kulipira madola 35 aja, kuonjezera pa 40,000 yolowa m'madzi. Tikiti ya sitima zimenezi amalembapo dzina, ndipo amaifananiza ndi pasipoti. Munthu wina aliyense wokugulitsani tikiti panja pa ofesi, ngakhale atavala tayi, mukanizeni.

Pa nkhani ya ndalama ndinenepo pang'ono. Kwacha yathu, imene idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukangochoka pa Songwe imasanduka pepala wamba. Ku Zanzibar palibe amene angailandire. Sinthirani pamalire kapena nyamulani madola, ndipo madolawo akhale atsopano osang'ambika chifukwa akalekale amawakana. Mukamasintha kwa anyamata a pamalire, werengani nokha mashilingiwo ali m'manja mwanu musanapereke zanu, ndipo mukawerenga musawabwezerenso ati awerengenso. Pamenepo m'pamene ndalama zimatsika mtolo. Musaike zonse thumba limodzi. Ine zina ndidazisokerera mu lamba wa thalauza, nzeru za agogo anga.

Ulendo wa pamadzi ndi wa maola awiri. Miyezi imeneyo kumaomba mphepo yochokera kummwera imene iwo amati kusi. Ndi mwera wathu yemwe uja, nyengo yakenso ndi yomweyo, kungoti kumeneko uli ndi malo aakulu osewerera. Sitima isananyamuke adagawa timatumba tosanziramo, ine n'kukana monyada. Pasanathe ola ndidachita kupempha ka mnzanga woyandikana naye.

Sitima zothamanga za masiku ano n'zabwino, aliyense ali ndi mpando wake. Koma madzi amenewa adadyapo anthu ambiri. Pa 10 Sepitembala 2011 sitima yotchedwa Spice Islander idamira usiku pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba. Idali yololedwa kunyamula anthu osapitirira 700, koma lipoti la boma lidati mudali anthu oposa 2,000. Mitembo yoposa 200 idapezeka, anthu oposa 1,000 sadaonekenso. Chaka chisanathe, pa 18 Julaye 2012, ina yotchedwa Skagit yochokera ku Dar es Salaam idagubuduzika pafupi ndi kachilumba ka Chumbe, n'kupha anthu oposa 100. Ife tidazolowera kuthithikana folofolo m'minibasi, kondakitala atakhala pamiyendo pathu, timangoti bola tikafike. Khalidwe limenelo musapite nalo pamadzi. Mukalowa m'sitima yang'anani kaye pamene pali majekete oyandamitsa. Maboti ang'onoang'ono opita ku kachilumba ka Changuu kokaona akamba akuluakulu aja, ngati mulibe majekete kapena anthu adzaza mpaka m'milomo, tsikani, ndalama ipite.

Dziko limodzi, malamulo awiri

Nditatsika ku Stone Town ndidadabwa kuona akundifunsanso pasipoti ndi kundipatsa fomu yoti ndilembe. Ndidati kodi si Tanzania yomweyi? Inde ndi yomweyo, koma Zanzibar idali dziko palokha mpaka pamene idaphatikizana ndi Tanganyika pa 26 Epulo 1964, ndipo mpaka lero ili ndi pulezidenti wake, nyumba ya malamulo yake ndi malamulo ake ena. Ndiye musasiye pasipoti ku Kariakoo poganiza kuti mukungopita kuseri. Ine ndidachita mwayi pa chinthu chimodzi: nditangobwerako, pa 1 Okutobala 2024, boma la Zanzibar lidakhazikitsa lamulo loti mlendo aliyense azigula inshuwalansi yawo asanalowe, pamtengo wa madola 44 kwa munthu wamkulu. Funsani za imeneyi musanakwere basi, mungakagwidwe njakata padoko. Majumbo apulasitiki aja timakonda kukulungiramo nsapato asiyeni kwanu, Tanzania idawaletsa mu Juni 2019.

Stone Town ndi mzinda wakale wa nyumba zamiyala zitalizitali, ndipo bungwe la UNESCO lidauika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa m'chaka cha 2000. Tinjira take n'topapatiza moti galimoto silowa, ndipo n'tokhotakhota ngati mapanga a mbewa. Kusochera ndiye musaope, aliyense amasochera, mukafunsa kumene kuli nyanja kapena msika wa Darajani mutulukira. Choopsa ndi njinga zamoto zotulukira pakona mwadzidzidzi. Mukamva hutala kakamirani kukhoma.

Kunena chilungamo, ine ndidayenda mumzindamo madzulo mtima uli m'malo kusiyana ndi m'mene ndimayendera pa mlatho wa Lilongwe nthawi ngati yomweyo. Anthu ake ndi aulemu, amakhala pamakhonde kumwa khofi mpaka usiku. Koma si kumwamba. Mu Ogasiti 2013 atsikana awiri a ku Britain adathiridwa asidi ndi anthu a panjinga yamoto mumzinda womwewu. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma zotsomphola mafoni m'tinjira tamdima ndi m'mphepete mwa nyanja usiku zilipo ngati kwina kulikonse. Kukada yendani modutsa anthu, foni ili m'thumba.

Pafupifupi anthu onse pachilumbachi ndi Asilamu. Kwa ine wokulira ku Nkhotakota izi sizidandivute, adhana ya m'bandakucha idangondikumbutsa kwathu. Koma ndidaona alendo ena, akuda ndi oyera omwe, akuyenda mumsika ndi zovala zosambira, azimayi achikulire akutembenuzira nkhope kumbali. Mu 2021 boma la kumeneko lidachita kulengeza kuti mlendo woyenda m'tauni kapena m'midzi osabisa mapewa ndi mawondo adzalipitsidwa chindapusa. Alongo athu, chitenje chimodzi m'chikwama chithetsa nkhani yonse. Achimwene, malaya asachoke pathupi mukachoka pamchenga. Mwezi wa Ramadan musadye, kumwa kapena kusuta pamsewu masana. Mowa umapezeka m'mahotela ndi m'mabala ena, koma kudzandira nawo mumsewu n'kudziitanira mavuto. Munthu wamkulu mumpatse moni woti shikamoo, ayankha kuti marahaba, ndipo mukatero njira yonse akulozerani. Musajambule munthu, makamaka mayi, musanapemphe.

Malo amodzi adandikhudza mtima, ndipo Mmalawi aliyense wofika kumeneko asawalumphe. Pa Mkunazini pali tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene adachimanga pamalo pamene padali msika wa akapolo, umene udatsekedwa mu 1873. Adachimanga ndi a mishoni ya UMCA motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, mishoni yomweyo imene idadzamanga tchalitchi cha pa Likoma. M'katimo muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, pamene adakwirira mtima wa David Livingstone. Wotionetsa malo atamva kuti ndachokera ku Malawi adati, "Aa, Mnyasa!" n'kundiuza kuti ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo ankachokera kunyanja kwathu. Ndidakumbuka nkhani za Jumbe amene ankaolotsa anthu pa Nkhotakota kupita nawo ku Kilwa. Ndidalowa m'kachipinda kapansi kamene amaonetsa alendo, denga lake lofika m'mutu, ndipo ndidatulukamo msanga. Ena mwa makolo athu adafika pachilumbachi alibe pasipoti, alibenso tikiti yobwerera.

Madzulo anthu amakhamukira ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja kumene amaotcha nsomba, nkhanu ndi zina zoti ife sitidziwa ndi maina omwe. Funsani mtengo chakudya chisanafike pambale, apo ayi mudzalipira ngati mwadya ng'ombe. Sankhani chimene akuphika inu mukuona, chifukwa zina zoyalidwa patebulo zija zimakhala zitagona. Ine ndidakhalira urojo, msuzi wawo wowawasa wa mbatata, ndi madzi a nzimbe, mimba osadandaula. Madzi akumwa gulani a m'botolo. Kolera tidaiona tokha kuno mu 2022 ndi 2023, sitifunika kuchita kuuzidwa. Ndipo wina akakupatsani nyama ya kamba wa m'nyanja ati ndi yokoma, kanani. Mu Malichi 2024 ana 8 ndi munthu wamkulu mmodzi adamwalira ku Pemba atadya nyama imeneyi, ena ambiri n'kugonekedwa m'chipatala. Nyamayi nthawi zina imakhala ndi poizoni amene satha ngakhale muiphike chotani. Neti yogonamo musaiiwale, malungo adachepa kwambiri pachilumbachi koma sadathe.

Nyanja yothawa

Tsiku lachitatu ndidakwera daladala, minibasi zawo, kupita kummawa kwa chilumba, kumudzi wa Jambiani. Ndidapeza kachipinda kotchipa kuseri kwa mahotela a azungu. Madzulo omwewo anyamata a pamchenga, aja ogulitsa maulendo a paboti ndi zibangili, atamva kuti ndine Mmalawi adayamba kundisekerera. Mmodzi adandifunsa ngati ndabwera nako "ka golide ka kwanu". Mbiri ya chamba chathu idafika kutali, abale. Wina adati ali nacho, tikasutire kuseri. Ndidakana. Malamulo a Tanzania pa nkhani imeneyi ndi ouma, ndipo simungadziwe ngati wokugulitsaniyo sadapangane ndi wina woti akugwireni pakona kuti mutulutse zonse za m'thumba. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Dar es Salaam, tsidya lina la madzi. Ena adandinyengerera kuti ndibwereke njinga yamoto. Imeneyonso imafuna chilolezo cha ku Zanzibar pamwamba pa laisensi yanu, ndipo apolisi ali ponseponse m'misewu. Ine wopanda ndi laisensi yomwe ndidangoti zikomo.

Usiku umenewo mwezi udali wathunthu, mafunde akumenya mpanda wa nyumba. M'mawa nditadzuka ndidangoti kukamwa yasa. Nyanja kulibe! Pamene padali madzi dzulo padali mchenga woyera mbee, timadziwe apa ndi apo, ngalawa zitagona chammbali. Kutali, mtunda woposa kilomita, kunkaoneka mzere woyera pamene mafunde ankaswekera pa matanthwe. Azimayi adali balalabalala m'minda yawo ya ndere zimene amati mwani, zomwe amazimangirira pa zingwe pakati pa zikhomo, akakolola n'kuyanika n'kugulitsa. Ena ankasaka nyama ya miyendo isanu ndi itatu ija amati pweza, akutokosa m'mapanga ndi timitengo.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa apa m'pamene mwana wa ku Nkhotakota, Salima kapena Mangochi angafere. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika pachaka, malinga ndi mvula. Pamene wasiya bwato m'mawa, madzulo ulipeza pomwepo. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzala kawiri tsiku lililonse chifukwa cha mphamvu ya mwezi. Madzi amatenga maola ngati 6 akuchoka, maola ngati 6 akubwerera, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, moti za dzulo sizikuthandiza lero. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, madzi amathawira kutali kwambiri n'kubwereranso ambiri, ndipo ku Zanzibar kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 4. Zonsezi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo ndinkangoona bwalo lalikulu loti ndiyendepo.

Ndikunyamuka, mnyamata wosesa panyumbapo adandikuwira kuti: "Kaka, rudi kabla ya saa sita!" Mawu oti rudi ndinkawadziwa, ndiye kuti bwerera. Ndidawerenga zala: moja, mbili, tatu, nne, tano, sita. Sikisi. Ndidati mwanayu akundiuza kuti ndibwere kusanade, ngati ndine mwana. Ndidamukwezera chala chachikulu n'kumapita, patapata kuphazi, foni m'thumba la kabudula.

Kudali kokongola, ndisaname. Tinsomba tamitundumitundu m'timadziwe, tizilombo tofiira tooneka ngati nyenyezi, madzi oyera ngati a m'botolo. Ndidayenda mpaka kufupi ndi matanthwe kuja, ndikujambula. Dzuwa litafika pamutu ndidaona azimayi aja akusenza matumba awo, onse ulendo kumtunda. Ndidati apita kukaphika nsima ya masana. Asodzi nawonso adayamba kukhala m'ngalawa zawo zogona pamchenga zija, ngati anthu odikira basi. Apanso sindidatolepo kanthu. Safunsa adadya phula.

Ndinkaganiza kuti madzi akamabwera ndiwaona kutsogolo, mafunde akundithamangitsa. Ayi ndithu. Adandizungulira kumbuyo. Pakati pa matanthwe ndi gombe pali makwawa otsika, ndipo madzi amayamba adzaza m'menemo mwakachetechete iwe utaima pouma. Nditatembenuka cha m'ma 1 koloko, njira yonse imene ndidadzera idali nyanja, mitengo ya kokonati ikuoneka ing'onoing'ono kutali.

Poyamba sindidaope. Ndidalowa m'madzi ofika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Pamenepo ndidamva chinthu chimene sindidachimvepo pa nyanja yathu: madzi akukoka chammbali ngati mtsinje wa Bua nthawi ya dzinja. Patapata mmodzi adavuka n'kuyandama. Ndikuti ndimugwire, phazi lidatera pa chinthu chobaya ngati singano makumi awiri nthawi imodzi. Kumeneko kuli tizilombo takuda tozungulira, minga thupi lonse ngati kanungu, timabisala m'miyala ndi m'maudzu a pansi pa madzi. Minga yake imathyokera m'thupi. Ndidakuwa, ndidagwa, ndidamwa madzi amchere mpaka m'mphuno. Ndidayesa kusambira molunjika kumtunda koma ndinkangoona mitengo ija ikusuntha chammbali, osayandikira. Mwendo umodzi udali utaferatu. Apa ndiye ndidayamba kuitana amayi anga m'Chichewa.

Amene adandiyankha adali mayi wina wachikulire amene adatsalira kumanga zingwe za munda wake. Adali chapatali kumanja kwanga, thumba pamutu, madzi akumulekeza m'chiuno pamene ine ankandifika pachifuwa. Ankakuwa kuti "Huku! Huku!" uku akukupiza dzanja kuti ndipite kumene kudali iyeko, osati kumtunda. Nzeru zanga zinkati mayiyu akundibweza kunyanja, koma mphamvu zotsutsa zidali zitatha. Ndidalola madzi andikankhire chakumeneko mpaka phazi lidagunda mchenga. Kani pansi pa madzipo padali kamtunda kamchenga kokhotakhota kopita mpaka kugombe, njira imene iye adaiyenda moyo wake wonse. Adandipatsa chikhomo chimodzi cha m'munda mwake kuti ndiyendere, iye patsogolo ine pambuyo, osatula ndi thumba lomwe. Tidafika pamchenga wouma nthawi itapitirira 2 koloko. Pofika 4 koloko ngalawa zija zidali zikuyandama, ndipo pamene ndidagwera paja munthu wamtali akadamira ataimirira.

Adandikhazika pakhonde pake, n'kuitana mdzukulu wake wodziwa Chizungu. Adaviika phazi langa m'madzi otentha, kenaka n'kudontheza utomoni wa papaya wamuwisi ndi madzi a ndimu pamene padalowa minga. Ndiwo mankhwala awo. Uku akuchita zimenezi, pakamwa sipadatseke.

"Mwanangu," adatero kudzera mwa mdzukuluyo, "sudaone anzako onse akuchoka? Ukaona eni mudzi akuthawa, iwe umatsalira kuti uone chiyani?"

"Shikamoo, mama," ndidatero, moni wochedwa ndi maola awiri. "Adandiuza kuti ndibwerere saa sita. Nthawi sidakwane."

Mdzukulu uja atamasulira, khonde lonse lidafa ndi phwete, mpaka oyandikana nawo adabwera kudzamva. Kani Aswahili sawerenga nthawi ngati ife. Tsiku lawo limayamba dzuwa likamatuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja, ola loyamba. 8 koloko ndi saa mbili. Ndiye saa sita ndi 12 koloko masana, pamene 6 koloko yanga ija iwo amati saa kumi na mbili. Ukamva nambala uonjezerepo 6 kapena uchotsepo 6. Pamwamba pa izo, wotchi ya Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu. Mnyamata wosesa uja adandiuza zoona zokhazokha, ndipo pakhoma la nyumba imene ndinkagonayo padali pepala la nthawi za madzi a mwezi wonse, limene ndidalidutsa kangapo ndikuyesa ndi mndandanda wa mitengo ya chakudya.

Mapepala amenewa amapezeka pafupifupi m'hotela iliyonse ya kummawa kwa chilumba, ku Jambiani, Paje ndi Bwejuu. Awerengeni. Mukafuna kupita ku matanthwe nyamukani madzi akuchoka, mupite ndi munthu wa pamudzipo, ndipo muvale nsapato zomanga zoti sizingavuke. Amene akufuna kusambira nthawi ina iliyonse apite kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, kumene madzi sathawira kutali. Ndipo madzi akakukokani musalimbane nawo molunjika, mutha mphamvu pachabe. Pitani chammbali mpaka akusiyeni.

Ndidafuna kuwapatsa mayi aja mashilingi 10,000. Adakana, n'kunena kuti ndikagulire nsapato. Dzina lawo ndidalilemba m'foni, koma foniyo idali itamwa mchere, sidayakenso mpaka lero, pamodzi ndi zithunzi zonse zimene ndidaferapo. Mwayi pasipoti ndidaisiya m'chipinda. M'mawa mwake phazi lidatupa ngati chinangwa, ndipo ndidapita ku kachipatala kena kolipira kumene adachotsa minga ina ndi kundibaya jakisoni wa kafumbata. Ndalama za mu lamba zija zidathera pamenepo. Nambala ya msuweni ndidali nditailemba kuseri kwa kabuku kanga ka nkhani, ndiye ndidabwereka foni ya mnyamata wosesa yemwe uja, msuweni n'kunditumizira ya tikiti. Mawu amene adalankhula pafonipo sangalembedwe m'nyuzipepala.

Chinanso, kwa amene mukukonza ulendo: yang'anani kalendala ya zisankho. Pa chisankho cha mu Okutobala 2025 ku Dar es Salaam kudabuka ziwawa, anthu adafa, intaneti idatsekedwa ndipo boma lidaletsa kuyenda usiku. Nthawi ngati imeneyo mlendo wa pachilumba amasowa ndi potumizira uthenga kwawo. Ndale za eni musaziikire mlomo, kaya m'daladala kaya pa khofi.

Tsiku lobwerera ndidafika pa windo la matikiti ku Stone Town ndikutsimphina, phazi limodzi mu nsapato, lina mu bandeji. Ndidapereka pasipoti ndi ndalama, n'kufunsa kuti sitima inyamuka nthawi yanji.

"Saa sita na nusu," adatero mtsikana wa pawindoyo.

Ndidatulutsa bolopeni ndi kabuku kanga n'kumupatsa. "Dada, chonde, ndilembereni m'manambala."

Adandiyang'ana modabwa, n'kulemba 12:30.